Kukwera Mapiri a Angonia pa Njinga



Mvula ikatha, misewu n'kuuma, pa msewu waukulu wochokera ku Tete kulowera ku malire a Malawi pamayamba kuoneka alendo a mtundu wina. Amayenda mmodzimmodzi kapena awiriawiri, nkhope zitapsa ndi dzuwa, njinga zawo zitalemedwa ndi zikwama kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ife tikawaona timafunsana kuti kodi anthu amenewa asowa ndalama ya shapa, nanga usiku amagona kuti. Mwezi uno ndati tikambirane za ulendo wa mtundu umenewu, pakuti ukutikhudza mbali ziwiri. Mbali yoyamba, alendowa dzuwa likapendeka amafika pakhomo pathu, pasukulu kapena pabwalo la tchalitchi kudzapempha malo okhomapo tenti. Mbali yachiwiri, njinga ndiyo galimoto ya ambirife, ndipo anyamata ndi atsikana athu amayenda nayo mitunda italiitali, ena kukagulitsa kachewere, ena kukaona abale, ena kungofuna kuona dziko. Nzeru imene imafikitsa mlendo wochokera ku Cairo ndi yomweyo imene ingabweze mwana wathu kunyumba ali wamoyo, ndipo nzeruyo ili pa zinthu ziwiri: kudekha pa phiri ndi ulemu pa mudzi wa eni.

Kumene mwambowu udachokera

Kuyenda ulendo wautali pa njinga si chinthu cha dzulodzuloli. Mu Epulo 1884, bambo wina wobadwira ku England, dzina lake Thomas Stevens, adanyamuka ku San Francisco m'dziko la America pa njinga yachikale ija ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi kagudumu kakang'ono kumbuyo. Adafika ku Yokohama m'dziko la Japan mu Disembala 1886 atapalasa makilomita oposa 21,000, m'malo ena akukwera sitima yapamadzi. Iyeyu ndiye amawerengedwa kuti adali woyamba kuzungulira dziko lapansi pa njinga. Iye ali m'njira, John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa mu 1885 njinga yoyendera tcheni, ya magudumu awiri pafupifupi olingana, yomwe ndi kholo la njinga tili nazozi. Mu 1888 John Boyd Dunlop adapanga tayala lopopa mpweya, ndipo kuyambira pamenepo munthu wamba adatha kupalasa tsiku lonse msana osathyoka.

Zogona m'tenti zidabwera ndi telala wina wa ku Britain, Thomas Hiram Holding. Mu 1897 iye adasoka katenti kopepuka koti n'kumangirira pa njinga, napita ndi anzake kukayendera dera lamapiri la Connemara ku Ireland, ndipo mu 1901 adathandiza kukhazikitsa bungwe la opalasa njinga ogona m'matenti. Ku France nako kudali Paul de Vivie wa ku Saint-Étienne, amene adalimbikira kuti njinga zikhale ndi magiya osinthasintha, kuti munthu azikwera phiri osatsika. Malangizo ake akumbukikabe mpaka lero, makamaka oti wapaulendo adye njala isanamugwire, amwe ludzu lisanamupeze, ndiponso asapalase modzionetsera.

Kuno ku Africa nakonso adutsako ambiri. Mu 1992 mayi wa ku Ireland, Dervla Murphy, ali ndi zaka 60, adapalasa yekha kuchokera ku Kenya kudzera ku Uganda, Tanzania, Malawi ndi Zambia mpaka ku Zimbabwe. Mu 2003 udayamba ulendo wa gulu wotchedwa Tour d'Afrique, wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000 m'miyezi inayi, ndipo njira yake idadzera ku Malawi ndi Zambia. Chaka chomwecho Riaan Manser wa ku South Africa adanyamuka ku Cape Town kuzungulira Africa yense motsata gombe la nyanja, nabwerera kwawo mu 2005 atadutsa mayiko 34, kuphatikizapo Mozambique wathu.

Ife a kuno tikudziwa chifukwa chake alendo otere sankaoneka kale. Pa nthawi ya nkhondo, msewu wa Tete unkayendedwa ndi magalimoto ondondozana operekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu ambiri a ku Angonia adali atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu Seputembala 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika kuti mudali mabomba okwirira ayeretsedwa. Munthu wogona m'tenti m'mbali mwa mudzi, njinga yake ili potero, ndi chimodzi mwa zipatso za mtendere umenewu.

Msewu wochokera ku Tete

Tiyeni titenge njira imodzi imene tonse tikuidziwa, tione zimene imafuna kwa wopalasa. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita pafupifupi 140 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Ulongwe uli pa mamita oposa 1,200, ndipo phiri la Domwe limafika mamita 2,095. Pakati pa Tete ndi Ulongwe pali makilomita pafupifupi 230. Wopalasa amaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kenaka Revubwe, n'kudutsa Moatize kwa malasha, n'kutsata msewu wa ku Zobue mpaka pa Mussacama, pomwe amakhotera kumanzere kulunjika ku Angonia.

Powerengera pa pepala, kukwera kwake kukuoneka ngati mamita 1,100 okha. Koma msewu sukwera kamodzi ngati makwerero. Umakwera chitunda, n'kutsikira kumtsinje, n'kukweranso, ndipo mamita alionse amene munthu watsika ayenera kuwagulanso ndi thukuta tsidya linalo. N'chifukwa chake ozolowera maulendowa amawerenga makilomita pamodzi ndi zitunda. Pa chigwa, munthu wa katundu angathe makilomita 80 kapena 100 pa tsiku, pamene m'mapiri makilomita 50 kapena 60 ndi tsiku lokwanira. Ulendo umene pa shapa timautha tsiku lomwelo, wa njinga wanzeru amaugawa masiku anayi. Paja akulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Nyengo nayo imasintha m'njira. Kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, pamene ku Angonia ndi ku Tsangano usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka zala kukanika kumanga mfundo. Ulendo umodzi womwewo umafuna chipewa cha dzuwa ndi bulangete lomwe. Miyezi yabwino kuyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'dzinja misewu yafumbi imasanduka matope omata m'magudumu, ndipo mitsinje imadzaza mosachenjeza. Sitinaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mlatho wa pa Revubwe.

Magiya ndi katundu

Chimene chimatidabwitsa tikamaona alendowa pa chitunda n'chakuti miyendo yawo imathamanga pamene njinga ikukwawa ngati nkhono. Chinsinsi chake chili pa mano a magudumu amene tcheni chimadutsapo. Njinga zathu zakuda zija, monga Hero ndi Phoenix, zili ndi giya imodzi. Gudumu la mano la pa mapedulo kawirikawiri limakhala ndi mano 44, ndipo kagudumu kakumbuyo mano 18. Mwendo ukazungulira kamodzi, tayala lakumbuyo limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, njinga n'kusuntha mamita oposa 5. Pa chigwa zimenezi n'zokoma. Pa chitunda ndiye kuti kuzungulira kumodzi kwa mwendo kukukankha munthu, njinga ndi katundu mamita 5 nthawi imodzi. Njinga za maulendo ataliatali zimakhala ndi giya yopepuka, ya mano 24 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, moti mwendo ukazungulira kamodzi njinga imasuntha mita imodzi ndi theka basi. Ntchito yokwera phiri ndi yomweyo, kungoti aiduladula tizidutswa toti thupi n'kupirira mpaka madzulo.

Wa njinga ya giya imodzi asataye mtima. Mmisiri wa njinga pamsika angamuikire kagudumu kakumbuyo ka mano 20 kapena 22, n'kutalikitsa tcheni pang'ono. Liwiro la pa chigwa limachepako, koma zitunda zambiri zimene ankatsika amayamba kuzikwera. Pamene pakana, atsike ndi kukankha. Palibe manyazi pamenepo. Amene amakakamira giya yolemera pa chitunda kuti anzake amutame amawononga mawondo, ndipo bondo likatupa tsiku lachiwiri ulendo wathera pomwepo.

Pa nkhani ya katundu, ife ndife akatswiri kale. Tonse taonapo matumba atatu a makala pa njinga imodzi, ndipo njinga za Buffalo zimene bungwe la World Bicycle Relief limapanga zili ndi kaliyala wosenza makilogalamu 100. Koma katundu wa ulendo wa kumsika ndi wosiyana ndi wa ulendo wa sabata yathunthu. Pa ulendo wautali makilogalamu 15 mpaka 20 ndi okwanira, chifukwa chilichonse chimene wanyamula udzachikweza phiri lililonse. Zofunika ndi izi: tenti kapena lona, neti ya udzudzu, bulangete, kamphasa kopyapyala, kapoto, supuni, machesi, tochi, sopo, juzi ndi zovala zosinthira. Za njinga zikhale pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, masipanala olingana ndi manati a njingayo, masipoko angapo, kachidutswa ka tcheni, mafuta pang'ono, waya ndi malegeni. Zolemera zikhale mmunsi, mbali zonse ziwiri mofanana, pakuti katundu wosanjikiza mmwamba amagwedeza njinga pa kona, ndipo chikwama chapamsana chimatopetsa mapewa pachabe. Chitupa chikhale m'pepala la pulasitiki, ndipo wofuna kulowa m'Malawi adzere pachipata chovomerezeka monga cha Calomue kapena cha Zobue, ngakhale tinjira tachidule tilipo tambiri.

Mtsetse ndi malole

Anthu ambiri amaopa chitunda, chonsecho amene amapha ndi mtsetse. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene njinga imafuna kuti iime umawirikiza kanayi. Njinga yoima pa mamita 5 ikamayenda pang'onopang'ono idzafuna mamita 20 liwiro likakhala lowirikiza, ndipo katundu amaonjezera vutolo. Malimu a chitsulo akanyowa, mphira za mabuleki zimaterereka kanthawi zisanagwire. Pa mtsetse wautali, wofinya mabuleki osalekeza amatenthetsa malimu, ndipo kutenthako kungamatule chigamba kapena kuphulitsa chubu. Njira yabwino ndi kugwira mabuleki onse awiri, n'kulekeza, n'kugwiranso, kuchepetsa liwiro kona isanafike, ndi kuima nthawi ndi nthawi kuti malimu azizire. Kuimitsa njinga poponda tayala ndi patapata ndi chizolowezi chimene chapundula anyamata ambiri. Amene amapitirira ulendo wawo kuchoka ku Dedza kutsikira ku Golomoti pa msewu wa Khwekhwerere, kapena amene adaonapo makona 20 a msewu wa Gorodi wotsika ku Livingstonia, akudziwa kuti mphira za mabuleki ziyenera kuyang'anidwa mmawa uliwonse.

Msewu wa Tete ndi wa malole akuluakulu ochokera ku Beira, ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Lole ikamadutsa pafupi, mphepo yake imayamba yakankha njinga, kenaka n'kuikokera pansi pa ngolo. Wopalasa akhale kumanzere kwenikweni, makutu ali tcheru, ndipo akaona kuti malole awiri akumana pamene iye ali, achoke pa tala ndi kuima. Avale zowala, ndipo ngati angathe agule chipewa cholimba choteteza mutu. Anyamata athu ndikuwapempha chinthu chimodzi mwapadera: lekani kugwira kumbuyo kwa lole kuti ikukokeni pa chitunda. Dalaivala sakukuonani, ndipo akasintha giya kapena kuzemba dzenje mulibe kothawira.

Madzi, kamba ndi dzuwa

M'chigwa chotentha, wopalasa tsiku lonse angamwe malita 5 kapena 6, nthawi zina kuposerapo. Lamulo lake ndi kudzaza mabotolo pa mjigo uliwonse, ngakhale asanathe, chifukwa wotsatira ungapezeke wowonongeka. Madzi a pachitsime kapena mumtsinje athiridwe Certeza monga mwa malangizo a pabotolo, apo ayi awiritsidwe. Mkodzo ukayamba kuchepa ndi kuda, mutu n'kumawawa, ndiye kuti thupi lauma. Pamenepo munthu akhale pamthunzi, asungunule masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, n'kumamwa pang'onopang'ono. Mnzanu akayamba kuyankhula zosokonekera kapena kudzandira dzuwa lili pamutu, mumuthire madzi thupi lonse ndi kufuna thandizo la kuchipatala msanga, pakuti kutentha kotero kumapha.

Kamba wa paulendo sasowa m'midzi mwathu. Phala la mmawa, nthochi, mtedza wokazinga, mbatata yophika, chinangwa, chigumu ndi thobwa n'zokwanira kuyendetsa munthu, bola azidya pang'onopang'ono maola awiri alionse. Nsima yambiri masana imalemeretsa thupi, ndipo ndi bwino kuisungira madzulo. Mowa usayandikire njinga, chifukwa umaumitsa thupi ndi kuchotsa mantha oyenera pa mtsetse.

Dzuwa ndilo wotchi ya wapaulendo. Anyamuke mbandakucha, kukadali kozizira, kuti mtunda waukulu authe nthawi isanakwane 11 koloko. Apume pamthunzi dzuwa likakhala paliwombo, apitirize likapendeka, ndipo pofika 4 koloko akhale atayamba kufuna pogona. Mu Juni kuno dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30, ndipo mdima umagwa msanga. Kupalasa usiku pa msewu wa malole ndi kuika moyo pachiswe. M'chigwa cha Zambezi udzudzu ndi wambiri, choncho neti ikhomedwe kusanade, ndipo wamva kutentha thupi m'njira akayezetse malungo tsiku lomwelo pachipatala chapafupi.

Pogona ndi pa eni

Tsopano tafika pa mfundo imene ili yaikulu kuposa zonse. M'mayiko ena wapaulendo amangolowa m'nkhalango n'kukhoma tenti popanda womuona. Kuno kwathu kulibe tchire lopanda mwini. Munda uli ndi mwini, dambo lili ndi odyetsako ziweto, ndipo mudzi uli ndi mfumu. Ndiponso malo amene amakopa maso a mlendo wotopa, pamene pali mitengo ikuluikulu yowirira, pamthunzi pabwino patali ndi nyumba, kawirikawiri amakhala manda kapena dambwe. Wokhoma tenti pamenepo mosadziwa amadzuka ali ndi mlandu.

Kugona mobisala kumabweretsanso chikayiko. Munthu wosadziwika wopezeka m'tchire usiku amayesedwa wakuba ng'ombe kapena woipa wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala kummwera kwa Malawi ndi madera ena a Zambezia, ndipo anthu osalakwa adaphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Chitetezo cha wapaulendo ndi kudziwika. Afike pamudzi dzuwa likadalipo, atsike njinga asanalowe pabwalo, apereke moni mwaulemu, ndipo apemphe kuti amuperekeze kwa amfumu kapena kwa mlembi wa mudzi. Kumeneko anene dzina lake, kumene wachokera, kumene akupita, ndi kuti akupempha malo a usiku umodzi wokha, aonetsenso chitupa chake asanafunsidwe. Wochita chotero amagona tulo, chifukwa mudzi wonse umakhala mlonda wake.

Akamusonyeza malo, asankhe pouma, posalala ndi pokwererapo pang'ono. Asagone m'khwawa louma, pansi pa mtengo wa nthambi zouma, kapena panjira ya linthumbu. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu wouma ndi woopsa chifukwa cha moto wolusa, choncho moto wophikira ukhale waung'ono, pamalo opalidwa bwino, ndipo uzimitsidwe ndi madzi kapena dothi asanagone. M'chigwa akutumule nsapato mmawa asanavale, kuopa zinkhanira. Apemphe chimbudzi, ndipo kumene kulibe akumbe kadzenje patali ndi madzi n'kukwirira. Mapepala, zitini ndi mabatire otha anyamule. Mmawa atsazike kwa amene adamulandira ndi kwa amfumu, ndipo kamchere, kasopo kapena kashuga kosiyira mayi wa pakhomopo kamanena zambiri. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo, pakuti wa njinga wobwera mawa adzalandiridwa monga mwa mbiri imene wadzuloyo adasiya.

Kuyenda awiri si mantha. Wina akagwa kapena kudwala, mnzake ndiye amathamangira thandizo, ndipo wina akalowa m'sitolo mnzake amayang'anira njinga. A kunyumba adziwe njira imene mwadzera ndi tsiku loyembekezera kufika, muziwaimbira foni madzulo alionse pamene pali netiweki. Ndalama zisakhale m'thumba limodzi, zina zikhale mu foni.

Ife olandira

Nanga mlendoyo akafika pakhomo pathu, tichite naye bwanji? Zosowa zake n'zochepa: malo osalala a mamita awiri kapena atatu, ndowa ya madzi osamba, madzi akumwa, chimbudzi, ndi poika njinga pabwino. Chakudya ambiri amakhala nacho, ngakhale mbale ya nsima yotentha sakana. Mlendo sathyola mphasa, ndipo mlendo ndi mame, mmawa dzuwa likamatuluka amakhala atapita. Tikamulandira tidziwitse amfumu, kuti iye ndi ife tonse tikhale otetezeka. Akakhala mayi woyenda yekha, amayi ndiwo amulandire ndi kumusonyeza kosamba, tenti yake ikhale pafupi ndi nyumba. Akakhala wosamva Chichewa kapena Chipwitikizi, manja amayankhula, ndipo mwana wasukulu wodziwako Chingerezi angathandize.

Pali zizolowezi zina zimene tiyenera kuzikonza. Ana athu amathamangira alendowa akufuula kupempha ndalama, ena mpaka kukoka zikwama pa chitunda, zomwe zingagwetse munthu pamaso pa galimoto. Madzulo amazungulira tenti n'kumasuzumira, mlendo osapeza mpata wosintha zovala. Ana sangadziwe okha, ndi udindo wathu akulu kuwaphunzitsa kuti apereke moni, afunse mafunso awo mwaulemu, kenaka amusiye munthu apume. Ogulitsa nawo asakweze mtengo wa nthochi chifukwa cha khungu la wogula. Anthu amenewa amalemba ndi kufotokoza za malo amene adutsa, ndipo dzina la mudzi limafika kutali kumene eni ake sadzapondako.

Tisaganize kuti ulemu umenewu ndi wa azungu okha. Mnyamata wochokera ku Macanga kapena ku Mutarara amene tcheni chamudukira dzuwa likulowa ndi mlendo yemweyo, ndipo kawirikawiri iyeyu ndiye timamukayikira msanga chifukwa alibe zikwama zokongola. Timufunse bwinobwino, timuperekeze kwa amfumu, timupatse pogona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku lina adzakhala mwana wanu amene waima pakhomo la eni, njinga ili m'manja.

Kwa achinyamata amene mtima ukulakalaka ulendo wotere, langizo langa ndi lakuti muyambe ndi waufupi. Sankhani mudzi wa abale umene uli pa makilomita 40, mumange katundu yense monga mwa ulendo weniweni, mukagone kumeneko m'tenti kapena pansi pa lona, mawa lake n'kubwerera. Ulendo wa masiku awiriwo udzakuuzani zimene mwanyamula pachabe, zimene mwaiwala, ndi pamene chishalo chikupweteka. Phunzirani kumata chubu, kulumikiza tcheni ndi kusintha sipoko muli pakhomo, pakuti m'phiri mulibe mmisiri. Inu makolo, mwana akakuuzani za ulendo wotere musangomukaniza, chifukwa adzapita mobisa ndi njinga yopanda mabuleki. Khalani naye pansi, mufunseni njira, mnzake woyenda naye ndi kumene akagone usiku uliwonse, kenaka muigwire njingayo ndi manja anu, mufinye mabuleki onse awiri, muone ngati akugwira.

Muyende bwino m'misewu, ndipo tidzachezanso mwezi wamawa.

Ine mbusa wanu.